Sabata ya mvula pa shedi yathu ya matayala pa Chitakale

Lolemba m'mawa, ndisanatsegule n'komwe chitseko cha shedi, ndinapeza Prado 150 yoyera itaima panja, matope ofiira atakwera mpaka pa magalasi. Eni ake anali bambo achikulire amene amagwira ntchito ku Blantyre koma akumanga nyumba kumudzi kwawo, kupitirira pa Limbuli. Usiku anagona pa Boma chifukwa anaopa kuyenda. Titapatsana moni anandilozera tayala lakutsogolo kumanzere n'kunena kuti, "Achimwene, tandimatireni ili, layamba kuphwa dzulo madzulo."

Ndinagwada n'kupukuta matope ndi chiguduli. Pa khoma la tayalalo panali chotupa ngati dzira la bakha, ndipo pa mlomo wa limu panali mng'alu woonda ngati ulusi. Nditathirapo madzi a sopo, thovu linayamba kutukusira pamng'alupo. Ndinawauza kuti, "Bambo, apa palibe chomata." Chotupa cha pakhoma chimasonyeza kuti ulusi wa m'kati waduka, ndipo chimene chatsala kugwira mpweya ndi mphira wokha. Tayala lotero limaphulika osatsanzika, makamaka likatentha mukuthamanga mu msewu wa Midima.

Malimu ake anali a mainchesi 20, onyezimira ngati mbale zatsopano, ndipo matayala analembedwa 265/50R20. Anati anaigula ili choncho, ndipo malimuwo ndiwo anawakopa. Ndinawatengera pansi pa denga chifukwa mvula inali itayamba kuwaza, n'kuwalembera manambalawo ndi choko pa khoma. 265 ndi kutambasuka kwa tayala m'mamilimita. 50 akunena kuti khoma la tayala ndi theka la kutambasukako, ndiye kuti mamilimita 132. 20 ndi limu. Ma Prado ambiri a mtundu umenewu amatuluka ku fakitale ndi 265/65R17, ndipo khoma lake ndi mamilimita 172. Mukaimika matayala awiriwa pamodzi msinkhu wake ndi umodzi, lina 773 lina 776. Chimene chasintha n'chakuti masentimita 4 a mphira ndi mpweya achotsedwa, m'malo mwake mwalowa chitsulo. Masentimita 4 amenewo ndi amene amameza mwala galimoto ikauponda. Akasowa, mwala umafinya tayala pakati pa iwo ndi limu, ulusi umaduka, limu limang'aluka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo malimu akuluakuluwa ndawaona akuliza anthu ambiri kuno kwathu.

Kenaka ndinaika geji yoyezera mpweya pa matayala atatu otsalawo. Lina linali ndi 46 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala), lina 44, lina 47. Ndinatsegula chitseko cha dalaivala n'kuwaonetsa kapepala komatidwa pa chipilala, pamene panalembedwa 200 kPa, amene ndi 29 psi. Anadabwa kwambiri. Anati mnyamata amene amawapopera m'tauni amawerenga nambala ya pa tayala. Imeneyi ndi nkhani imene imandipweteka mtima, chifukwa ndimaimva pafupifupi sabata iliyonse. Nambala ya pakhoma pa tayala, yolembedwa MAX PRESS, ndi malire amene tayala lisapitirire, si mpweya woyendera. Mpweya woyendera amaunena ndi amene anapanga galimoto, chifukwa ndi amene akudziwa kulemera kwake. Tayala lopopedwa mopyola limalimba ngati mwala, limadumpha pa msewu wa miyala, limatha pakati pokha, ndipo mwala wosongoka sililola kuukumbatira, limangoboola.

Tinagwirizana kuti asiye galimoto mpaka Loweruka ndiwapezere malimu a 17. Anakwera minibasi ya ku Limbe.

Lachiwiri lonse linathera pa foni. Anthu amaganiza kuti limu ndi limu bola mabowo akwane, koma si choncho. Mnzanga wina wa ku Limbe anali ndi malimu okongola a Land Cruiser 100, koma aja ndi a mabowo asanu, pamene Prado ndi Hilux ndi za mabowo asanu ndi limodzi. Wina anati ali ndi a Pajero, mabowo ake ndi omwewo ndithu. Koma bowo lapakati la limu la Pajero ndi laling'ono, mamilimita 67, pamene habu ya Toyota, chitsulo chimene limu limakhalapo, imafuna 106. Anati tingolikuza pa makina. Ndinakana. Sindingadule chitsulo pa limu limene linyamule banja la munthu potsetsereka. Panapezekanso a mainchesi 16 otchipa, amene ndikanawakonda chifukwa khoma likanatalika koposa, koma pa Prado 150 mabuleki akutsogolo ndi aakulu, limu la 16 limakhula pa kalipa, chitsulo chimene chimafinya mabuleki. Madzulo ndithu ndi pamene ndinapeza asanu a Prado enieni, ochotsedwa pa galimoto imene inawonongeka injini. Ndinakumbutsa wogulitsayo kuti atumize ndi manati ake omwe, chifukwa malimu a Toyota a aluminiyamu amamangidwa ndi manati okhala ndi washa, pamene malimu ogula padera ambiri amafuna manati osongoka. Mukasokoneza, nati imaoneka ngati yagwira koma imamasuka m'njira.

Lachitatu magetsi anazima kuyambira m'mawa. Tinangomata machubu a njinga zamoto za kabaza ndi kupopa ndi pampu ya manja. Malimu anafika masana pa minibasi, atakulungidwa m'matumba a feteleza.

Lachinayi ndi tsiku limene ndikufuna kulikamba bwino. Cha m'ma 10 koloko kunabwera foni ya mnyamata amene amayendetsa Fortuner ya bungwe lina. Anali atatitimira pa chitunda m'kati mwa minda ya tiyi, akupita ku mudzi wina wa m'munsi mwa phiri. Nyengo ino masamba a tiyi amachuluka, mathirakitala onyamula masamba amadutsa kangapo pa tsiku, ndipo amasiya mikwasa iwiri yakuya m'dothi lofiira. Dothi limeneli likanyowa limaterera ngati therere. Ndinamanga kompulesa yaing'ono ya 12V, geji ndi khasu pa njinga yamoto n'kunyamuka.

Ndinamupeza atavula nsapato, buluku lili matope okhaokha. Amuna anayi a m'mudzimo anali atayesa kukankha mpaka kutopa. Matayala ake anali abwino, a A/T (oyenda pa phula ndi pa dothi pomwe), mano akadali aatali, koma onse anayi anali atamatika matope mpaka kusalala ngati mphika wowumba. Anali atapondaponda mafuta, mawilo akungozungulira pamalo amodzi, galimoto ikuyenda cham'mbali kulowera ku ngalande. Geji inawerenga 40 psi.

Ndinatsegula kachivindikiro ka valuvu n'kukanikiza kamtima kake ndi msomali. Mpweya utayamba kulira, mnyamatayo anandigwira pa phewa. "Ankolo, mukundiphwetsera matayala? Abwana akandimaliza." Ndinamuuza kuti agwade pafupi nane aone yekha. Ndisanayambe ndinali nditayeza ndi dzanja pamene tayala likugunda pansi, kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo. Titafika pa 30 kusintha kunali kochepa. Pa 25 khoma linayamba kutuluka mimba pang'ono. Pa 20 ndinamuuza kuti ayezenso ndi dzanja lake, ndipo anaona kuti phazi la tayala latalika moonekeratu. Anthu ambiri amaganiza kuti tayala likachepetsedwa mpweya limatambasuka m'mbali, koma kwenikweni limatalika kutsogolo ndi kumbuyo, mano ambiri amagwira pansi nthawi imodzi. Chinanso, tayala lofewa limapindika likamazungulira, ndipo kupindikako kumalavula matope amene amatika pakati pa mano.

Tinachita chimodzimodzi ndi onse anayi. Ndi khasu tinagumula m'mphepete mwa mkwasa kutsogolo kwa mawilo ndi kuchotsa dothi limene linagwira pansi pa difu, chimphika cha magiya cha pakati pa mawilo. Amayi othyola tiyi anali ataima m'mizere yawo, madengu kumsana, akutiyang'ana. Ndinamuuza mnyamatayo kuti alowetse L4, yokoka ndi mawilo onse anayi mwamphamvu koma pang'onopang'ono, giya yachiwiri, chiwongolero chilunjike, ndipo aponde mafuta ngati akuponda dzira. Galimoto inanjenjemera, mawilo akumbuyo anazungulira theka, kenaka anagwira. Inakwera chitunda chonse pang'onopang'ono popanda munthu woikankha. Mayi mmodzi anaimba nthungululu.

Ndinamudikira pamthunzi mpaka atamaliza ntchito yake kumudziko, chifukwa sindikanamulola kubwerera pa phula ndi 20 psi. Apa ndi pamene ena amalakwitsa atamva theka la nkhani. Tayala lochepa mpweya likathamanga pa phula limapindika kwambiri, limatentha m'kati, ndipo limatha kusweka ngakhale lili latsopano. Ndi mpweya wochepa munthu amayenda pang'onopang'ono, sakhota mwadzidzidzi, ndipo akangofika pa msewu wabwino amapopanso. Tinaima pamphambano, injini ikulira, kakompulesa kakugwira ntchito tayala limodzilimodzi, mphindi zingapo lililonse. Tikudikira ndinamuuza mmene ine ndimachitira ndi galimoto ya msinkhu umenewu. Pa phula ndimatsata kapepala ka pachitseko, ndipo ndimayeza m'mawa matayala asanatenthe. Pa msewu wa miyala, ngati wa ku Fort Lister, ndimatsitsa kufika cha m'ma 26. M'matope 20 kapena 22. Pansi pa 15 sinditsikapo pokhapokha zitavuta zedi, chifukwa tayala limatha kuvuka pa limu, ndipo kulibwezera m'matope si ntchito yamasewera. Analemba zonsezi m'foni mwake.

Lachisanu kunabwera mnyamata wina wamalonda ndi Prado yakale, atanyamula matayala anayi a kaunjika kumbuyo. Sindinyoza munthu wogula kaunjika. Kuchokera pamene Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tayala latsopano la galimoto zazikuluzi lafika poti ambiri sangalikwanitse. Koma pamafunika kuwerenga. Awiri mwa matayalawo analembedwa STUDLESS, kutanthauza kuti ndi a m'chipale chofewa ku Japan. Mphira wake ndi wofewa, mano ake ali ndi timizere tambirimbiri, ndipo kutentha kwa kuno amasungunuka ngati sopo. Enawo ndinamuonetsa manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT. Panalembedwa 2315, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2015. Mano anali bwino, koma nditapinda khoma ndi chala panaoneka ming'alu yaing'onoing'ono ngati chidendene cha m'chilimwe. Ndinamuuza kuti awabweze.

Ndiye anati ngati ndi choncho angosunga ndalama agule akuluakulu, 285/70R17 a mano a thirakitala, galimoto izioneka yaukali. Tinawerengera limodzi. Tayala limenelo ndi lalitali mamilimita 831, kuposa la 776 ndi 7 peresenti. Sipidomita ikamati 80, galimoto imakhala ikuthamanga pafupifupi 86, ndipo apolisi apamsewu sadzamva zoti ndi matayala. Likhula m'kati mwa madigadi pokhota, injini ivutika pa zitunda za ku Thyolo, mafuta achuluka, mabuleki agwira ntchito yoposa. Matayala a mano a thirakitalawa, otchedwa M/T, amachitadi bwino m'matope akuya, koma pa phula lonyowa sagwira ngati A/T, ndipo iye ulendo wake wambiri ndi wa Muloza ndi Limbe. Ndinamukumbutsanso za ma Land Cruiser a m'maesiteti amene akhala akuyenda m'minda imeneyi zaka zambiri ndi 7.50R16 kapena 235/85R16, matayala oonda ndi aatali. Dothi lathu nthawi zambiri limaterera pamwamba koma pansi ndi lolimba, makamaka nthawi ya chiperoni, ndipo tayala loonda limadula n'kukagwira polimbapo. Ngati akufuna kukwezako pang'ono, 265/70R17 ndi yokwanira, mamilimita 803, koma agule asanu ndi sipeya yomwe. Prado imakoka ndi mawilo onse anayi nthawi zonse, ndipo kusakaniza misinkhu kumatopetsa difu yapakati. Anapita akuganiza. Kaya adzabwera.

Loweruka bambo aja anafika ndi matayala asanu atsopano, 265/65R17 A/T, pa denga la minibasi. Malimu ndinali nditawazunguza kale pa makina a balansi, limodzi lokha linali ndi kupindika pang'ono, ndiye ndinaliika ku sipeya. Ndinawaonetsa nambala 112 ya pa tayala, imene ikutanthauza kuti lililonse limanyamula makilogalamu 1,120. Anandifunsa za simenti, chifukwa ulendo uliwonse amatenga matumba asanu ndi atatu a makilogalamu 50. Ndinati tsiku lonyamula simenti awonjezere pang'ono kumbuyo, 4 psi, ndipo akatsitsa katundu abwezere. Manati ndinamanga ndi manja modumphadumpha, osati ndi mfuti ya mpweya, n'kuwauza kuti akayenda makilomita 50 kapena 100 awayesenso.

Tinaiyesa mpaka pa Likhubula n'kubwerera. Pa malo okumbika anayamba kugwiritsa chiwongolero mwamphamvu monga anazolowera, koma galimoto inangodutsa mofewa, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika. Pobwerera anaima pa shopu ya zida n'kugula geji yawoyawo. Ndinawaphunzitsa kuikanikiza molunjika pa valuvu kuti mpweya usathawire m'mbali, ndipo anayesa okha matayala onse asanu, atagwada pa katoni kuti asadetse buluku.

Malimu atatu a 20 amene anali abwino anawakweza kumbuyo kuti akawagulitse m'tauni. Long'aluka lija anandisiyira. Dzuwa likulowa kunabwera madala amene amasungunula aluminiyamu n'kupanga mapoto, analikweza m'manja kuyesa kulemera kwake, anati mutuluka mapoto atatu ndi chivindikiro, ndipo analimanga pa kaliyala ya njinga yawo ndi mphira wa chubu.