Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chiwindi changa ku Nanjing

Gawo lathali ndinalekezera pomwe achemwali anandiimbira foni kuti bambo atisiya. Tiketi yodzera ku Addis Ababa inali yodula zedi, ka ndalama ka sikolashipu sikakanakwana olo theka, ndiye anawaika ine ndili ku China.

Chodabwitsa nchoti sindinalire. Mmalo mwake ndinasanduka munthu waukali wosayambika, wina akangomenyetsa chitseko cha hositelo ine ndayamba kale kulalata, tulo osabwera, m'nthiti ngati mwamangidwa, kumangousa moyo pafupipafupi, ndipo chakudya chimangondikhala pakhosi. Mnzanga wina wachitchaina wa m'kalasi mwathu anatopa nane nkundikokera ku chipatala cha mankhwala achikhalidwe chawo. Musaganize za kachisakasa ayi, ndi chipatala chenicheni cha nsanjika, madokotala ake amaphunzira ku yunivesite.

Adokotala anali achikulire ndithu. Anandigwira pa mkono ndi zala zitatu kumvetsera kugunda kwa magazi, kenako mkono winawo, nkundiuza nditulutse lilime. Atatha anafunsa kudzera mwa mnzanga uja: "Mnyamata iwe, wakwiyira ndani?" Ine kuti, "Palibe adokotala, kungoti bambo anamwalira." Anangogwedeza mutu nkunena kuti qi (mphamvu ya m'thupi) ya chiwindi yaima, siikuyenda.

Apa mpofunika ndifotokoze pang'ono. Kwa iwowa maganizo sakhala m'mutu mokha. Buku lawo lakale la Huangdi Neijing, lomwe latha zaka zoposa 2000, limati mkwiyo umapweteka chiwindi, chimwemwe chikapyola muyeso chimapweteka mtima, kulingalira kwambiri kumavulaza kapamba, chisoni mapapo, mantha impso. Qi ndi mphamvu imene amati imazungulira m'thupi, mkwiyo umaikweza m'mwamba (nchifukwa chake mutu umatentha), mantha amaitsitsa, kulingalira kumaimanga mfundo. Ndiye cholinga sikuti usamakwiye kapena usamadandaule ayi, koma chimodzi chisakule nkupondereza zinzake. Ine ndimaphunzira za engineering ndipo mpaka lero sindikhulupirira kuti chiwindi changa chenichenichi chinali ndi vuto, koma zonse zomwe ndimamva anazitchula okha ndisanawauze, mpaka za kuusa moyo zija.

Anandilembera Xiao Yao San, mankhwala omwe alipo kuyambira nthawi ya ufumu wakale wa ku China wotchedwa Song, muli mizu ya chai hu ndi dang gui, jinja ndi zina, ine anandipatsa a timibulu takudatakuda. Anati ndisiye madzi ozizira, ndidzipita m'mamawa ku nyanja ya Xuanwu kukachita baduanjin, masewera ofatsa a zigawo 8 omwe nkhalamba zimachita mapaki onse. Ndinapitadi, wakuda ndekha pakati pa azigogo, iwo kumandikonza mikono uku akuseka.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi china. Buku lomwe lija limati chisoni chimagonjetsa mkwiyo, ndiye adokotala anati mapilisi okha sakwanira, ndikalire. Pamenepo mpomwe ndinazindikira chimene ndinaphonya, kwathu maliro amakuliritsa ufune usafune, amayi akabuma, kwaya ikuimba usiku wonse, amuna pamoto panja, ndipo ine zonsezi zinandidutsa ndili pa desiki kuwerenga za mayeso.

Ndinauza a Malawi anzanga omwe tinali nawo m'tauni muja. Loweruka lake anabwera ku chipinda changa, wina anapeza ufa wa chimanga ku supamaketi tinaphika nsima yolimba ngati mwala, nkuyamba kuimba nyimbo za maliro chapansipansi poopa oyang'anira hositelo. Nyimbo yachiwiri isanathe ndinali nditagwa kale, ndinalira mpaka mawu kusasa. Usiku umenewo ndinagona mpaka 10 koloko m'mawa, ndipo mapilisi aja ndinamwabe mpaka botolo kutha.

Gawo lotsatira ndikuuzani za ulendo wobwerera kumudzi, ndi nkhondo yomwe ndinakapeza pa nkhani ya munda wa bambo.