Mutu wa buku umene Joyce anaupeka ngati nyimbo

Munthu akafika pa mutu wa 11 wa buku la James Joyce lotchedwa Ulysses, lomwe linatuluka mu 1922, amayamba wadodoma, chifukwa umayamba ndi tizidutswa ta mawu tosagwirizana n'komwe. Akapitiriza kuwerenga m'pamene amazindikira kuti kachidutswa kalikonse kakubwereranso kutsogolo pamalo pake, monga momwe opeka nyimbo za opera amalawitsira omvera zigawo za nyimbo zonse sewero lisanayambe.

Joyce sankachita izi mongoyerekeza. Iye anali woimba waluso, ndipo mu 1904 anapata mendulo pa mpikisano wa zoimbaimba wa Feis Ceoil ku Dublin. Mwini wake ananena kuti mutuwu anautsanzira pa fugue, mtundu wa nyimbo imene liwu limodzi limayambitsa, ena n'kumalowa motsatizana akubwereza zomwezo, loyamba lija lisanaleke.

Nkhani yake ikuchitikira mu hotela ya Ormond cha m'ma 4 koloko madzulo. Leopold Bloom, mwini nkhani m'bukuli, akudya, amuna ena akuimba pa piyano m'chipinda china, ndipo iye akudziwa kuti nthawi yomweyo mwamuna wina, Boylan, ali pa ulendo wopita kwa Molly, mkazi wa Bloom, amene Boylanyo ali naye pachibwenzi. Joyce sataya nthawi kulongosola ululu wa Bloom. M'malo mwake timangomva kulira kwa ngolo ya Boylan kukubwera mobwerezabwereza pakati pa ziganizo, ndipo pambuyo pake timamvanso kugogoda kwa ndodo ya mnyamata wosaona, wokonza piyano, kumene kukunka kuchulukira pamene iye akuyandikira. Nthawi iliyonse ngolo ija ikamveka, mtima wa wowerenga umagunda limodzi ndi wa Bloom.

Ena amatsutsa kuti imeneyi si fugue yeniyeni, popeza mawu olembedwa amawerengedwa limodzilimodzi pamene oimba anayi angathe kumveka nthawi imodzi. Akunena zoona, koma ine ndimaona kuti Joyce anapeza njira ina: ntchito yomveketsa mawuwo pamodzi anaisiyira chikumbukiro cha wowerenga. Mlembi wa ku Germany Thomas Mann anaphunzira luso lofananalo kwa Wagner, wopeka nyimbo za opera, ndipo mlakatuli T. S. Eliot ndakatulo zake zinayi za Four Quartets anazigawa m'zigawo zisanu iliyonse, mofanana ndi nyimbo zina za zoimbira za zingwe. Komabe pa onsewa ndi Joyce amene amandikakamiza kuwerenga mokweza mawu, chifukwa ndikawerenga chamumtima ngolo ya Boylan sindiimva bwino.