Lipoti la ulendo wa ku Johannesburg: kujambula mapapo a odwala scleroderma

Anzathu amene munatsala, nali lipoti lomwe a tcheya analonjeza. Njira mukuidziwa: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Titangowoloka Zambezi tayala lakumbuyo linaphulika, ndipo dzuwa la ku Tete linatiwamba mpaka amsungichuma anamasula kathumba kaja amati "ka ngozi zokha" n'kugulira aliyense madzi. Amene munkati kathumbako sikamasulidwa, mboni zilipo.

Phunziro loyamba linali la m'kalasi. Systemic sclerosis, yomwe ambiri amangoti scleroderma, ndi nthenda imene chitetezo cha thupi chimaukira thupi lomwelo. Khungu limalimba, zala zimayera kapena kuchita bii kukazizira, koma chimene chimapha ambiri ndi mapapo, akadzala zipsera kapena magazi akamathamanga kwambiri m'mitsempha yake. X-ray wamba saona nthendayi ikamayamba, n'chifukwa chake pamafunika HRCT, kujambula kwa CT koonetsa mapapo mwatsatanetsatane. Aphunzitsi anatikumbutsanso kuti mu 1957 dokotala Erasmus analemba za kuchuluka kwa scleroderma mwa anthu okumba golide ku Witwatersrand, amene ankapuma fumbi la miyala. Apa tonse tinayang'anana, poti azigogo athu ambiri anapita ku Wenela. Bambo wachikulire akabwera ndi khungu lolimba ndi befu, mufunseni ngati anagwirapo ntchito ku migodi.

Zenizeni tinaziona m'chipinda cha CT. Choyamba ndi bulangete. Chipindacho chimazizira chifukwa cha makina, ndipo zala za odwalawa zimafa dzanzi msanga; munthu wonjenjemera satuluka bwino pa chithunzi. Kachipangizo koyezera okosijeni kakakana pa chala, amakaika pa khutu. Amene mapewa ake alimba samukakamiza kukweza manja mpaka kumutu, amamuikira pilo n'kukweza pomwe angathe. Mankhwala obaya mu mtsempha oonetsa bwino chithunzi (contrast) safunika. Magawo a chithunzi akhale opyapyala, mamilimita 1 mpaka 1.5, kuyambira pamwamba pa mapapo mpaka pansi penipeni, ndi kernel yakuthwa, njira ya kompyuta yoonetsa bwino timizere ting'onoting'ono. Poonera pa kompyuta, manambala osinthira kuwala kwa chithunzi akhale motere: window width 1500, level -600.

Koma zonsezi n'zachabe ngati wodwala sanakoke mpweya mokwanira. Mayi amene amayang'anira chipindacho salola kuti batani lidinidwe asanayeserere ndi wodwala kawiri, m'chinenero chake, ataima pambali pa bedi: kokani, tulutsani, kokani kwambiri, gwirani. Mapapo osadzaza mpweya amaoneka mbuu, ndipo wowerenga angalembe kuti pali ground-glass (mbuu wosonyeza nthenda) pomwe palibe kanthu. Njira yodziwira ndi yosavuta. Yang'anani paipi ya mpweya: ikakhala yozungulira, munthuyo anakoka bwino, khoma lake lakumbuyo likaphwatalala kapena kulowa m'kati, anali akutulutsa. Zikatero bwerezani wodwala asanatsike pa bedi.

Tsopano mkangano uja munamva pa WhatsApp. Unabuka pa chakudya cha masana. Anatikonzera pap, chakalaka ndi nyama yootcha, alembi n'kutulutsa botolo la Nali m'chikwama, eni malo n'kulawa, misozi chuchuchu. Tili m'kati moseka, achimwene athu a kumpoto anati kujambula munthu chafufumimba n'kutaya nthawi: mzere panja ndi wautali, radiation ikuwonjezeka, ndipo wodwala wa befu sapirira. Amayi athu a ku Zomba anaika foloko pansi. Anati munthu akagona chagada, mapapo a kumsana cha m'munsi amapanikizika ndi kulemera kwa thupi n'kuoneka mbuu, ndipo malo amenewo ndi omwenso scleroderma imayambira. Nanga musiyanitsa bwanji? Achimwene anati diso lozolowera limadziwa. Amayi anati diso lozoloweralo ndi lomwe limaphonya. Nyama inazizira, a tcheya anagogoda tambula kosalekeza, osamveka.

Anathetsa ndi dokotala wowerenga zithunzi, amene anatitengera pa kompyuta mbale zisanachotsedwe. Anationetsa zithunzi ziwiri za munthu mmodzi. Chagada, mbuu kumsana. Chafufumimba, mbee. Kenako za wodwala wina: mbuu uja sanasunthe, ndipo timapaipi ta mpweya tinali titakokedwa n'kufutukuka ndi zipsera. Chigamulo chake: si aliyense agonekedwe chafufumimba, koma mukaona mbuu kumsana mutembenuzeni n'kujambula m'munsi mokha. Musatero atangodya kumene, chifukwa paipi ya chakudya ya odwalawa ndi yofooka ndipo chakudya chimabwerera. Achimwene anadzuka n'kukagwira chanza cha amayi, ndipo madzulo ndi iwo anawanyamulira chikwama.

Powerenga, maonekedwe ofala a nthendayi m'mapapo amatchedwa NSIP: mbuu ndi timizere m'munsi ndi m'mbali mwa mapapo onse awiri, nthawi zina kampata kopyapyala kogundana ndi nthiti katasiyidwa bwinobwino. Timabowo tosanjikizana ngati zisa za njuchi timaoneka mwa ochepa. Musaiwale paipi ya chakudya yofutukuka, yokhala ndi mpweya kapena madzi. Yezaninso mtsempha waukulu wopita ku mapapo. Ukaposa mamilimita 29 kapena kukula kuposa aorta (mtsempha waukulu wopita ku thupi lonse), mwina magazi akuthamanga kwambiri m'mapapo, choncho pemphani echo, sikani ya mtima. Pa njira ya Goh ya 2008 yoyezera kukula kwa nthendayi, nthenda ikagwira mapapo kuposa 20 peresenti ndi yaikulu. Diso likakayika, FVC (muyeso wa mpweya umene munthu amatulutsa mwamphamvu atakoka mokwanira) yosafika 70 peresenti ndiyo imagamula kuti ndi yaikulu.

Kwa ine mfundo yolemera kwambiri ndi ya TB. Kwathu wotsokomola nthawi yaitali, X-ray ili ndi mawanga, amayamba mankhwala a TB ngakhale GeneXpert, makina oyezera TB, yakana, miyezi n'kumapita zipsera zikukula. TB ndi fumbi la m'migodi zimakonda kumtunda kwa mapapo, scleroderma imakonda kumunsi. Muone manja ndi pakamwa pa wodwala, ndipo mulembe pa fomu zomwe mwaona. Komanso TB iyezedwe asanayambe mankhwala a scleroderma otchedwa mycophenolate kapena cyclophosphamide, poti mankhwalawa amatsitsa chitetezo.

Tikuthokoza eni malo amene anatisiyira mipando yawo, odwala amene analola kuti tionerere, adalaivala ndi mnyamata wawo amene anagona pansi pa basi kutentha kuja, ndi inu amene munagwira mashifiti athu. Alembi akulemba mawu opumira aja m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao kuti amatidwe pa khoma la chipinda chilichonse cha CT. Odziwa Chisena ndi Chilomwe awapeze msonkhano wotsatira usanafike.