Chingalawa cha Nowa pakhonde lathu ku Matawale

Mlongo wanga ali ku Israel, anapita ndi gulu lija linanyamuka kumapeto kwa 2023 kukagwira ntchito m'minda. Sabata yatha anandiimbira pa WhatsApp akudandaula: "Achemwali, maholide atha kuno. Mwezi uno ndi ntchito yokhayokha."

Akuti mwezi umene wangothawu, Tishrei pa kalendala ya Ayuda, umakhala wodzaza ndi maholide. Mumakhala Rosh Hashanah, chaka chawo chatsopano, kenaka Yom Kippur tsiku losala kudya, kenaka Sukkot, pamene mabanja amamanga timisasa panja n'kumadyeramo masiku 7. Ukangotha umenewo umabwera Cheshvan, mwezi wa zii, mpaka chikondwerero cha Hanukkah pa 25 mwezi wotsatira wa Kislev. Cheshvanyu ena amamutcha Marcheshvan, ndipo poti "mar" m'Chihebri ndi kuwawa, amangoti mwezi wowawa. Ayuda ochokera ku Ethiopia okha ndiwo ali ndi tsiku lawo lachikondwerero, Sigd, pa 29 Cheshvan.

Chimene chinandigwira mtima ndi mvula. Cheshvan amagwa mu Okutobala ndi Novembala. Kwawoko kumakhala kukuyamba kuzizira, kuno dzuwa likuswa mtengo, koma tonse maso ali kumwamba. Pa 7 mweziwu ku Israel amayamba kupempha mvula m'mapemphero awo a tsiku ndi tsiku, ife tikuyang'ana kuphiri la Zomba ngati chizimalupsa chayandikira. Ndipo nkhani ya Nowa amaiwerenga m'masunagoge kumayambiriro kwa mwezi womwewu. Genesis 7:11 imati chigumula chinayamba pa 17 mwezi wachiwiri, ndipo ukawerenga kuyambira Tishrei, wachiwiriwo ndi Cheshvan. N'chifukwa chake ana awo mwezi uno amapanga zingalawa, nyama ndi utawaleza.

Ndinati nanga ana anga atsalirenji? Loweruka ndinawasonkhanitsa pakhonde, anga awiri ndi a oyandikana nawo anayi.

Chingalawa tinadula katoni ya sopo, denga tinafolera mapesi a chimanga, kumata ndi phala la ufa wa chinangwa. Dongo anyamata anakatapa okha kudambo. Apa mpamene panavuta. Ndinawauza kuti aliyense aumbe nyama ziwiriziwiri, yaimuna ndi yaikazi, koma anyamata onse atatu anaumba ng'ombe, zalinunda, nyanga zaminga. Ng'ombe 11! Nowa akanamwa mkaka mpaka kutopa nawo. Mwana wanga wamkazi ndiye anayesa njovu, koma chitamba chinkangothothoka, mpaka anachilowetsa kamtengo ka machesi mkati. Wamng'ono kwambiri, wazaka zinayi, anaviringa kampira n'kunena kuti ndi fulu wagona. Sindinamutsutse.

Utawaleza tinapanga ndi tizidutswa ta zitenje tomwe telala wapamsika anatipatsa ulere. Mitundu inakwana isanu basi, wachikasu tinachita kubwereza.

Chomwe chinawasangalatsa koposa ndi nsungwi yolira ngati mvula. Tinaboola mfundo zamkati ndi chitsulo, kukhoma timisomali mozungulira, kuthiramo mpunga wodzaza dzanja, n'kutseka mbali zonse ndi nsanza. Ukaipendeketsa pang'onopang'ono imati waaa, ngati mvula ikuyamba padenga la malata. Agogo a nyumba yoyandikana anatuluka mothamanga kukaanula zovala, ndipo atazindikira anatilalatira koma akuseka.

Cholakwa chinali changa. Ndinayanika nyama zija padzuwa la masana m'malo mwa pamthunzi, ndipo pofika madzulo ng'ombe zinayi zinali zitang'aluka misana. Kulira kunalipo. Tinagwirizana kuti zimenezo ndi zomwe zinachedwa kulowa.

Ndinamutumizira mlongo wanga chithunzi. Anayankha kuti, "Nanga nkhunda ili kuti?" Tinaiwaladi. Mwana wanga akuiumba panopa, ndipo tsamba loti igwire kukamwa wathyola la mango.