Galimoto inapita kukatenga mipando

Sabata yathayi yandikwana abale. Ndagwira unamwino zaka zambiri ndithu ndipo sindine munthu wothamangira kulemba za kuntchito, koma za Lachitatu zija zikundikanikabe kumeza ndiye ndingozitulutsa, mwina mtima ukhala pansi.

Anamwino anzanga amene tinasiyana kalekale, pano ndili ku kabungwe kena kakang'ono kuno ku Zomba, timayendera asilikali opuma amene akalamba, m'makomo mwawo momwe. Dzina la bungwe ndisiye. Anamwino tilipo awiri koma mnzanga ali pa tchuthi cha uchembere, ndiye kuti ndilipo ndekha. A keyala (KAR) aja, asilikali a nthawi ya atsamunda amene anakafika ku Burma mu 1944, pa kaundula wathu anatha onse, tatsala ndi mmodzi yekha amene anapita ku Malaya m'ma 1950 ndipo makutu anagontha. Ambiri amene tikuwayendera pano ndi aja analowa usilikali dziko litalandira kale ufulu, ena mwa iwo anakalondera njanji ya Nacala kuyambira 1987 mpaka nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992. Matenda ake ndi omwewa mukuwadziwa, BP, shuga, sitiroko, mkodzo kutsekeka, maso ang'ala, kuphatikiza kusungulumwa komwe sikulembedwa m'buku la kuchipatala.

Ndiye tili ndi ana a pa koleji ina amene amabwera mongodzipereka Lachitatu ndi Loweruka. Salandira kanthu. Si ophunzira zachipatala ayi, wina akuchita zauphunzitsi, wina zamalamulo, ena za chisamaliro cha anthu. Amatunga madzi, kumeta ndevu, kuwenga zikhadabo, kuyanika zofunda, kusewera bawo ndi agogowo, ndi kumvetsera nkhani imodzimodzi kakhumi osatopa, zomwe ine ndisaname nthawi yake ndilibe. Lamulo lathu lolembedwa ndi loti mwana wa sukulu sapita pakhomo pa wodwala popanda wantchito. Ligwireni limenelo.

Lolemba kunali miting'i. Sabata yovala timaluwa tofiira ta popi ija, kukonzekera Lamulungu lokumbukira asilikali ku chipilala. Maola atatu athunthu tikukambirana mtundu wa matisheti, mipando ikhale ingati, ndani anyamule nkhata ya maluwa, ndani aime pafupi ndi alendo pojambula. Ine nditakweza dzanja kunena kuti ma strip oyezera shuga anatha mu September ndipo makina a BP ndikuyendetsera mabatire a wailesi yanga, yankho linali lija la masiku onse, "Sista tazimva, tiziona mwambo ukadutsa." Lachiwiri ndinali mbali ya Thondwe, kutsuka mabala, kuyeza BP, kukangana ndi agogo ena amene anabisa mapiritsi pansi pa mphasa. Zachizolowezi basi.

Lachitatu pa bolodi panalembedwa bwinobwino kuti galimoto ikupita mbali ya Jali, ine ndi ana awiri, kukaona a Sajeni ena a shuga ndi makomo ena atatu. Ndikufika ku ofesi 7 koloko galimoto kulibe. Akuti yanyamuka m'bandakucha kupita ku Blantyre kukatenga matisheti ndi mipando. Nthawi yomweyo foni, kunjira ya Domasi agogo ena paipi ya mkodzo yatsekeka chigonereni, akubuula. Inu anzanga mukudziwa kuti zimenezo sizidikira. Ndinauza bwana kuti ulendo wa ku Jali uimitsidwe, iwo akuti ayi ana aja abwera kale ndipo ndi akuluakulu, angopita kukacheza, zithunzi zake tikuzifuna pa lipoti la sabata ino. Ndinakwera minibasi ya ku Domasi, ana aja, mtsikana ndi mnyamata, anakwera yawo kenako kabaza.

Cha m'ma 11 ndili mkati mosintha paipi ija foni ikungolira m'thumba. Nditavula magolovesi ndikupeza ndi mtsikana uja, mawu akunjenjemera. "Anesi, agogo sakuyankha bwino, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akukalipira aliyense kuti agone pansi, mwina akuyankhula Chipwitikizi sindikumva." Kumbuyo ndikumva phokoso la anthu, mayi wina akukuwa kuti asiyeni zankhondo zawayamba, atsekereni m'nyumba zikatha okha atuluka. Bambo wina akuti alawa kachasu amenewo.

Apa ndi pomwe pamandiwawa. Munthu akangokhala kuti anali msilikali, chilichonse chachilendo chimene angachite anthu amati ndi nkhondo yamubwerera m'mutu. Zoona alipo amene amadzidzimuka usiku, ndawaona, ndipo a Sajeni amenewa anaona zinthu pa njanji ija pakati pa Nayuchi ndi Cuamba zimene safotokoza onse. Koma munthu wa shuga wotuluka thukuta lozizira dzuwa la November lili pamutu, inu mukudziwa chimene chimabwera poyamba, shuga watsika.

Ndinamufunsa kuti adya? Anakafunsa. Ayi, ufa unatha dzulo masana, usiku anangodya mango awiri. Mankhwala amwa? Mtsikana uja anatenga kapepala ka mapiritsi nkuwerenga, glibenclamide, mankhwala otsitsa shuga aja, la lero palibe, amwa. Ndipo ndikanadziwa ndisanafunse nkomwe, chifukwa a Sajeni mankhwala amamwa 6 koloko pa dontho ngati akupita pa perete, kudye kusadye. Kamakina koyezera kanali m'chikwama cha mtsikanayo, ndinamupatsa ndine m'mawa mwachizolowezi, koma kopanda strip ndi chidole basi.

Ndinati mwanawe tamvera, akutha kumeza? Akuti eya malovu akumeza, akukalipa. Ndinati pezani shuga, masupuni ang'ono anayi m'madzi theka la kapu, amwe atakhala tsonga, akangofooka osayankha musawathire kanthu mkamwa, muwagoneke chammbali mundiimbire. M'nyumba shuga munalibe. Mnyamata uja anathamanga ku okala kukagula shuga wa m'timapepala uja ndi Fanta mmodzi, ine ndili pa foni mayunitsi akutha, agogo anga a paipi akundiyang'ana kuti nanga ine mwandisiya.

Kapu itafika a Sajeni anaikankha, madzi kutayikira pa malaya. Kachiwiri chimodzimodzi, akuti chotsani, gonani pansi. Apongozi awo akuti mwaona, tinanena ife. Ndiye ndinangomva pa foni mtsikana uja wasintha mawu, kamwana kofatsa kaja kamene pa ofesi timachita kukafunsa kawiri kuti wati chani, akuti, "A Sajeni! Imwani tiyi msanga, sitima ikunyamuka!" Zii. Kenako ndikumva mnyamata uja akunong'ona, akumwa anesi, akumwa.

Mawu amenewo sanawatole m'buku ayi. Miyezi yonseyi wakhala pa khonde lija akumvetsera nkhani ya sitima ya ku Nacala, mmene ankamwera tiyi chiimire chifukwa sitima ya katundu sidikira munthu ndipo ukatsala watsala m'tchire la zigawenga za Renamo. Nkhani yomwe ija ine ndimaidula pakati ndi "chabwino agogo tiyeze BP". Patatha mphindi ngati 15 a Sajeni akufunsa kuti anthu onsewa akufuna chani pakhomo panga, ndipo wandinyowetsa malaya ndani.

Abale awo anaombera m'manja kuti basi zatha. Koma glibenclamide mukumudziwa khalidwe lake mwa munthu wokalamba, amakhalitsa m'thupi, shuga umakwera pang'ono nkugwanso madzulo kapena pakati pa usiku aliyense ali mtulo, nanji impso zikakhala zotopa. Munthu ameneyu amafunika kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinaimbira ku ofesi, akuti galimoto ili ku Limbe matisheti sanamalize kudinda, mwina ibwera cha m'ma 5. Ndinaimbira ku chipatala chaching'ono chapafupi, ambulansi ilipo mafuta mulibe. Ndiye mukanakhala inu mukanatani? Ndinawauza kuti awapatse Fanta uja ndi chilichonse chotafuna, neba anabweretsa mbatata yootcha, kenako apeze kabaza wa njinga yamoto. A Sajeni pakati, mnyamata uja kumbuyo atawakumbatira, mtsikana pa njinga ina atanyamula buku la kuchipatala ndi shuga wotsala m'thumba la siketi. Ndalama ya njinga ziwirizo inatuluka m'thumba mwa anawo, ndalama yawo yodyera ku koleji.

Ine ndinamaliza za paipi, kusamba m'manja, minibasi kudikira kuti idzadze pa Songani mtima uli m'malere. Tinakumana pa geti la chipatala. Kuyeza shuga, 3.1, wayambanso kutsika ngakhale anamwa zonse zija. Anawaika dilipi ya dextrose, madzi a shuga aja, nkuwagoneka. A kiliniko amene ndinawapeza anali munthu womva, tinagwirizana kuti ayeze impso ndipo mankhwala aja aonedwenso asanatuluke. Mnyamata uja malaya onse fumbi lofiira, anangokhala pansi pa khonde la wodi miyendo ikunjenjemera, akuti anesi njira yonse ndimangowayankhulitsa kuti asagone, andiuza mayina a masiteshoni onse mpaka Nampula.

Ndisadziyeretse. Masabata awiri apitawo ndinalowa m'nyumba imene ija, ndinaona ndowa ya ufa ili pafupi kugunda pansi, ndinaona ndi maso angawa koma sindinafunse. Ndipo ndine ndemwe ndakhala ndikuwalalikira kuti agogo musadumphitse mankhwala ngakhale tsiku limodzi, osawauza mbali inayo yoti tsiku lopanda chakudya piritsi limeneli limasanduka mdani. Msilikali ukamupatsa lamulo amalisunga mmene wamupatsira. Penshoni yawo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 sifikanso pakati pa mwezi, pakhomo pali zidzukulu zisanu, ndipo munthu wonyada ngati uja sangakuuze kuti kuno tagona ndi njala. Limenelo ndi langa, ndalisenza.

Koma zimene zinandipsetsa mtima zenizeni ndi za Lachinayi. Ndikuitanidwa mu ofesi, ana aja ali kale mmenemo ataimirira ngati akuba nkhuku. Funso loyamba silinali loti a Sajeni ali bwanji. Akuti ndani anakulolezani kukweza wodwala pa njinga yamoto, akanagwa bwenzi bungwe lili pa mavuto, otithandiza akamva ziwoneka bwanji. Mtsikana uja misozi mbwembwembwe, akupepesa. Akupepesa chani? Ndinati bwana, amene analoleza ndine, ndipo amene anatumiza ana okhaokha kumudzi mophwanya lamulo lathu lomwe si ine. Mu ofesi munazizira. Kenako akuti chabwino Sista, pa lipoti mungolemba kuti panali vuto la mayendedwe. Ndinalemba kuti galimoto inapita ku Blantyre kukatenga matisheti ndi mipando, ma strip anatha mu September, ndinapempha Lolemba pa miting'i. Ndinasainira nkusunga kope yanga. Akafuna kusintha asinthe ndi dzanja lawo.

Nditafunsa zowabwezera ana aja ndalama ya kabaza, a akaunti akuti abweretse malisiti. Lisiti ya kabaza! Mxii. Munthu amene amayendetsa njinga ku Jali kuja ali ndi buku la malisiti eti? Anthu omwewa alawansi ya ulendo wa ku Blantyre anasainirana Lachiwiri madzulo galimoto isanalire nkomwe.

Ana amenewa timawakonda pojambula. Akavala tisheti nkugwira wilitcheya chithunzi chimakoma, lipoti limanona. Koma palibe tsiku limene bungwe linakhala nawo pansi kuwaphunzitsa kuti munthu wa shuga akayamba kubwebweta uchite chakuti, wa sitiroko ukamuona kamwa yapotoka uthamange. Ndinapempha tsiku limodzi lokha la maphunziro chaka chatha, akuti bajeti. Pamene namwino palibe timatseka dzenjelo ndi mwana wa zaka 20 wophunzira zauphunzitsi, zikayenda bwino ndi pulogalamu yathu, zikavuta ndi iyeyo.

Lachisanu ndinagula kabotolo ka ma strip ndi ndalama yanga ku famase, mtengo wake musandifunse ndingalire. Loweruka ana onse atabwera kudzayesa matisheti ndinawapatutsa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, ola limodzi, zizindikiro za shuga wotsika, kagonekedwe ka munthu wokomoka, ndi funso limodzi loti azifunsa pakhomo paliponse asanayambe bawo, agogo mwadya chani lero, ndipo akayang'ane mu ndowa okha. Mtsikana uja anakhala kumbuyo osayankhula. Ndinkaopa kuti sabweranso, koma pomaliza anandifunsa ngati ku wodi amalola kulowa ndi phala.

Lero Lamulungu mwambo unachitika ku chipilala cha KAR monga chaka chilichonse, malipenga, nkhata za maluwa, 11 koloko mphindi ziwiri zachete. Ndamva kuti matisheti anaoneka bwino kwambiri. Ine sindinapite, ndinali ku wodi. A Sajeni anatumiza mdzukulu kuti akawatengere mamendulo awo kunyumba, ndinapeza mtsikana uja akuwapukuta ndi kansalu, agogo akumulangiza kuti ayi mwanawe iyo imakhala kumanzere. Shuga m'mawa unali bwino, 6.8, phala anamaliza lonse, akuti mwina atuluka Lachiwiri. Kunyumba ufa kulibebe, ndayankhula ndi a mpingo wawo kuti aponyeko kathumba, za Mtukula Pakhomo ndikayamba kuzitsata mawa.

Ndalama ya kabaza ndawabwezera ndekha ana aja. Ndadutsa pa ofesi madzulo ano kukasiya chikwama, pa bolodi alemba kale za mawa, galimoto ikupita ku Blantyre kukabweza mipando.