Kalabu ya dongo: mbaula zasiya kung'aluka pakhomo

Anzanga oumba, Loweruka tinafukula uvuni ndipo ulendo uno mbaula zambiri zatuluka zamoyo. Ukaigogoda ndi chala ikulira ngwee, osati phwaphwa uja wa mbaula yosweka m'kati. Amene mumawerenga zolemba zanga mukudziwa kuti chitsegulire sukulu mu Sepitembala ndakhala ndikulimbana ndi mng'alu umodzi womwewo, woyambira pangodya ya khomo n'kukwera mpaka pamlomo. Tsono lero ndilemba zambiri, mupirire nane.

Kwa amene mwangofika kumene, ine ndimaphunzitsa Physics pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza, ndipo kuumba ndinaphunzira kwa azakhali anga ku Ntcheu ndili mtsikana. Lachitatu lililonse masana ndimakhala ndi kalabu ya dongo. Zaka zonsezi ndondomeko ya kalabuyi ndinkalemba ndekha: timiphika, mitsuko, miphika ya maluwa. Ana ankadzaza sabata zoyamba, pofika pakati pa teremu n'kutsala owerengeka. Chaka chino ndinagawa timapepala kuti aliyense alembe chimene akufuna kuumba ndi chifukwa chake, osalembapo dzina. Zokweza manja sindizifuna, chifukwa anyamata a Fomu 3 akangoyankhula ndi mawu awo abesi aja, atsikana a Fomu 1 amangoti eya.

Panatuluka zambiri. Ena ankafuna makapu onyezimira ngati a ku Dedza Pottery, ena timabanki tosungiramo makobidi, wina analemba matailosi. Koma mulu waukulu unali wa chitetezo mbaula, mbaula yadongo yosawononga nkhuni. Wina analemba kuti amayi ake amadzuka m'bandakucha kukafuna nkhuni kuphiri, wina kuti agogo ake amatsokomola ndi utsi m'khitchini, wina anangoti "fizi" basi. Mbaulazi anawa akula akuziona, paja mu 2013 boma linalonjeza kuti pofika 2020 mabanja 2 miliyoni akhale ndi mbaula zosawononga nkhuni, ndiye magulu oumba anafalikira m'midzi. Ine mtima wanga unali pa mitsuko, chifukwa mbaula ndi yochindikala ndipo chinthu chochindikala sichikhululuka pouma. Koma ndinali nditalonjeza kuti chimene chapambana ndicho tichite.

Chikombole anatipangira bambo wina wowotcherera zitsulo pa boma paja, yemweyo amene chaka chatha anandipangira chozungulitsira mphika ndi habu ya njinga yakale. Bamboyu ukamujambulira papepala amayamba wakufunsa kuti chinthucho chizigwira ntchito yanji, kenako amakonza zojambula zakozo. Chopalasira chapakati anachiika pa mtengo wachitsulo woti chizizungulira osagwedera, ndiye khoma limatuluka lofanana mbali zonse. Sefa ndimagwiritsa ntchito waya wa pawindo wokhomera pa thabwa, ndipo zofunditsa ndi matumba a feteleza. Mtapo tikukumba kudambo la kuseri kwa sukulu, a mfumu anatiloleza. Wina anandifunsa pa zolemba zapita zija ngati dongo loyera la ku Linthipe lingachite. Limenelo ndi la makapu ndi mbale, limafuna moto waukulu umene uvuni wathu wa nkhuni sungafike, ndiye pa mbaula musadzivute nalo.

Tsono mng'alu uja. Mbaula imatuluka bwinobwino m'chikombole, timadula khomo, kumata timafuwa titatu ta pamwamba ndi zigwiriro, kukulungiza ndi nkhulungo mpaka kuwala. Patapita masiku ochepa pangodya ya khomo pamaoneka kamzere ngati tsitsi. Mawa lake kakula. Ukapaka dongo lamadzi kamabisala, koma pamoto kamatseguka mpaka kulowa chala. Ndinayesa kuchepetsa khomo, osathandiza. Kuonjezera dongo pamwamba pa khomo kunangoipitsa zinthu. Tinaponda dongo nthawi yaitali mpaka ana kudandaula miyendo, mng'alu uli pomwepo. Zinafika poti ena anayamba kunong'onezana kuti pali wina wotentha amene akukhudza dongo, ndipo mnyamata wina anandiuza mosaseka kuti, "Madamu, anyamatafe tisiye kulowa musitolomo, mwina ndife." Ndinamuuza kuti apitirize kuponda.

Amene anatsegula njira ndi atsikana awiri a Fomu 2. Anati, "Madamu, bwanji tiyeze kuti dongoli likufupika bwanji likamauma?" Anaumba timitanda tadongo, n'kulemba mizere iwiri yotalikirana masentimita 10 ndi rula, n'kutisiya tiume. Titauma, mtunda uja unatsika kufika pafupifupi masentimita 9. Dongo lokhwinyata chotere ndi lonona kwambiri. Pa kamphika kopyapyala limapirira, koma pa khoma lochindikala la mbaula kunja kumauma n'kukoka pamene m'kati mukadali chinyezi, ndipo pong'ambikira pake ndi pamene pali pofooka, pangodya ya khomo. Kuonjezera apo mbaula zathu zinali pafupi ndi windo losweka, mphepo youma ya Okutobala ikuomba mbali imodzi yokha.

Mmodzi wa atsikanawa agogo ake amaumba mbiya, ndiye anapempha kuti abwere nawo. Agogowo anafika Lachitatu linalo, anatsina dongo lathu, kulipotokola pa zala, kuliluma pang'ono, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, dongoli mwaligoneka masiku angati?" Nditawauza anangoseka. Anati mtapo ukakumbidwa uzigona m'dzenje wonyowa, wofunditsidwa, masabata awiri osachepera, kenako ndiye upondedwe. Anatitumanso kukatola mapale a mbaula zathu zosweka zija, kuwasinja mumtondo, kusefa, n'kusakaniza m'dongo. Muyeso wawo ndi wa m'manja, koma ife tinayesa ndi chidebe ndipo takhazikika pa chidebe chimodzi cha mapale ku zidebe zinayi za dongo. Timitanda ta dongo latsopanoli tinafupika pang'ono chabe.

Zina ziwiri anatikonza pomwepo. Khomo tinkalidula ndi mpeni ngodya zake zili zakuthwa, iwo anati tizizungulitsa ngodyazo ndi chala chonyowa n'kutsinira m'mphepete monse kuti dongo ligwirane. Timafuwa tinkatimata khoma litayamba kale kuuma, iwo anati tizikanda pomatapo ndi kumata tsiku lomwe tatulutsa m'chikombole, zonse zikadali ndi chinyezi chofanana. Pouma, sabata yoyamba mbaula zikhale zofunditsidwa ndi matumba m'chipinda chopanda mphepo, kenako muzivundukula pang'onopang'ono ndi kuzitembenuza, dzuwa zilione kumapeto kwenikweni. Zonse pamodzi ndi masabata atatu kapena anayi. Windo lija tinalitseka ndi katoni.

Powotcha sindinasinthe zambiri, kungoti ndatalikitsa nthawi yofukiza. Timayamba ndi kamoto ka zitsononkho ndi mapesi pakhomo pa uvuni, utsi wokhawokha, kufikira galasi ukaliika potulukira utsi lisachitenso nthunzi. Madzi otsalira m'dongo amasanduka nthunzi pa madigiri 100, ndipo ukathamanga pamenepo ndi pomwe umamva kuphulika m'kati. Malo ena oopsa ndi pa madigiri 573, pamene mchenga wa m'dongo umafufuma mwadzidzidzi, ndipo pozizira umabwereranso pomwepo. N'chifukwa chake uvuni sitiutsegula tsiku lomwelo ngakhale ana alire bwanji. Choyezera kutentha kotere ndilibe, ndimangosuzumira pa kabowo madzulo kuona kufiira kwake.

Chimene chandipatsa maganizo kwambiri ndi zimene zachitika m'kalasi. Silabasi imachokera ku MIE (Malawi Institute of Education) ku Domasi, mayeso amakonza a MANEB, ndipo chibwerereni JCE mu 2021 a Fomu 2 alibe nthawi yosewera. Palibe mwana amene angavote kuti mutu wakuti uchoke. Koma kasanjidwe ka mitu mu sikimu ndi zitsanzo zimene ndimapereka, zimenezo zili m'manja mwanga. Ana a kalabu atayamba kufunsa m'kalasi chifukwa chimene mbaula yadongo imasungira kutentha pamene yachitsulo imazizira msanga, ndinakoka mitu ya heat transfer (kayendedwe ka kutentha) ndi thermal expansion (kufufuma kwa zinthu zikatentha) kuibweretsa kutsogolo, ahedi a dipatimenti atavomera. Tinaika mbaula imodzi panja pa labu, mafuwa atatu pambali pake, mapoto ofanana, madzi ofanana, nkhuni zoyeza pa sikelo. Ana okha ndiwo anakangana za mphepo, kuti mafuwa akuluza chifukwa moto ukuthawira m'mbali. Mtsikana amene chaka chonse chatha sanakwezepo dzanja ndi amene anafotokozera anzake za convection, mmene mpweya wotentha umayendera ndi kutentha, akuloza khomo la mbaula.

Mphunzitsi mnzanga wina mu sitafu amati mwana sangadziwe choyenera kuphunzira, ukamufunsa angosankha zophweka. Mbali ina akunena zoona, mutu wa density (kulemera kwa chinthu poyerekeza ndi kukula kwake) palibe amene angausankhe mwa kufuna kwake. Komatu anawa anasankha chinthu chovuta kuposa chimene ine ndinakonza, ndipo sanathawe pamene chinkasweka sabata ndi sabata. Pena ndinakana ndithu. Ankafuna kudumpha zosefa chifukwa n'zotopetsa, ndinakana. Ankafuna kuwotcha mbaula zisanaume kuti akagulitse pa msika wa Lizulu mvula isanayambe, ndinakananso. Chimene tiumbe asankhe okha, koma masiku oumitsa savotera.

Nkhani ya zokongoletsa anaithetsa okha osandilowetsamo. Wina anabweretsa ganizo lojambula pa mbaula zithunzi za m'mapanga a Chongoni, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo ambiri mwa anawa anafikako ku Mphunzi kapena ku Chencherere. Anyamata ena olowa gule anakana kuti zithunzi zoyera za m'mapangamo ziikidwe pa chinthu cha kukhitchini. Anakambirana mpaka belu, n'kugwirizana kuti atenge zofiira zokha, mizere ndi timagudumu tija, azilembe ndi katondo asanakulungize. Zatuluka bwino kwambiri, kungoti pamene panakhudza lawi pada.

Kutsogoloku zilipo zambiri. Mvula ikangoyamba kuumitsa kuvuta, ndiye mwina tiwotchenso kamodzi basi teremu ino. Ana akufuna uvuni wokhazikika wa njerwa wokhala ndi chumuni, wolowa mbaula zoposa 100, ndalama zake sindikudziwa kuti zichokera kuti. Gulu la makapu onyezimira lija silinaiwale, likufuna tiyese glaze wa phulusa, chopaka chonyezimiritsa makapu pamoto, ngakhale ndawauza kuti moto wathu ndi wochepa. Ndikufunanso kupempha ulendo wokaona mauvuni ku Dedza Pottery, mwinanso kutsikira ku Mua kukaona zosema za ku Kungoni ngati thiransipoti ingapezeke. Teremu yachiwiri ndikufuna timapepala tija ndigawe kwa Fomu 2 yonse ndisanalembe sikimu, ndione ngati zingatheke ndi kalasi lodzaza chonchija.

Amene mumaumba mbaula kumbali ya Bembeke kapena Tsangano, mapale mumathira ochuluka bwanji? Ndipo alipo amene anayesapo mchenga wa mumtsinje m'malo mwa mapale? Osweka athu atsala pang'ono kutha.