Mkono wa roboti wa majointi 7: ntchito yachiwiri isadye yoyamba

Zatheka tsopano! Dzanja likulondola mzere, chigongono sichikufikanso pamalire, ndiye ndilembe ndisanaiwale.

Kuti dzanja la roboti lifike pamalo ndi kupendekeka mmene mukufunira, pamafunika manambala 6. Panda ya Franka Emika ili ndi majointi 7, chimodzimodzi KUKA LBR iiwa. Jointi, kapena kuti mfundo yopindika ya mkono, imodzi yotsalayo ndiye phindu lanu. Kanikizani chikhatho patebulo mugwedeze chigongono: dzanja lili pomwepo, chigongono chikuyenda. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Roboti yeniyeni ndilibe, ndani ali nayo kuno ku Matawale? Ndinatenga PyBullet, pulogalamu yoyeserera maroboti pakompyuta, momwe Panda imabwera kale. Chenjerani, Jacobian yake, tebulo la manambala lolumikiza liwiro la majointi ndi liwiro la dzanja, imatuluka ndi mizati 9 chifukwa imawerengera ndi zala ziwiri za dzanja la Panda. Dulani iwiri yomalizayo, mutsale ndi 6 kwa 7. Kenako mutembenuze Jacobian ndi pseudoinverse (NumPy, chida cha masamu cha Python, ili nayo, dzina lake pinv), muchulukitse ndi liwiro limene mukufuna dzanja liyendere kuti mupeze liwiro la majointi. Ntchito yoyamba, yoyendetsa dzanja, yatha.

Koma abale, chimene chinandipsetsa mtima si masamu ayi. Magetsi atazima kwathu ndinapita kukapempha kiyi wa chipinda china cha makompyuta chimene chili ndi sola. Akuti kalata kaye. Kalata ndabweretsa, akuti ilibe chidindo. Wachidindo ali kumsonkhano. "Dikirani pang'ono achimwene, akubwera." Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka nkhungu kuphimba phiri, laputopu itafa kalekale m'chikwama. Atabwera, chidindo chinali m'dirowa yosakhoma, pomwe mlembi anatsamira tsiku lonse! Ndalama ya kabaza inapita, ntchito osagwira.

Tibwerere. Ntchito yachiwiri, kwa ine kuthawa malire a majointi, musaiphatikize mwachindunji ndi yoyamba. Idutse kaye mu I − J⁺J, ndiyo imachotsa chilichonse chimene chingasunthe dzanja, n'kusiya za mu null space zokha, kutanthauza kuyenda kwa majointi kosasuntha dzanja (J ndi Jacobian, J⁺ ndi pseudoinverse yake, I ndi identity matrix, tebulo losasintha chimene lachulukitsa). Liégeois anaonetsa njirayi mu 1977, ndipo Nakamura, Hanafusa ndi Yoshikawa anaikulitsa mu 1987 kuti ntchito zizitsatana malinga ndi kufunika kwake.

Ndimati ndiiwale: mkono ukawongoka kwambiri, pinv imalamula liwiro lamisala, roboti n'kuyamba kunjenjemera pasikirini. Mankhwala ake ndi damped least squares, njira yochepetsa liwirolo imene inafika pa maroboti mu 1986. Koma damping ikhale ku ntchito yoyamba basi. Mukaiika mkati mwa I − J⁺J, yachiwiri imayamba kudontha ndipo dzanja limachoka pamzere pang'onopang'ono, inu n'kumaganiza kuti vuto ndi kompyuta.

Komanso musachite dyera. Jointi yotsala ndi imodzi yokha, simungathawe malire, kuzemba khoma ndi kusunga chigongono m'mwamba zonse mokwanira. Sankhani chimodzi, gain yake, nambala yoipatsa mphamvu, muyambe ndi yaing'ono. Ndipo ndibwerezenso, idutse mu I − J⁺J kaye. Za kiyi zija, pitani kalata ili yodindidwa kale, laputopu yodzaza moto.